Pogula Pilo ya Mwana wa Mphumu, Yang'anani Nsalu Osati Pepala

Pa katundu yense wa m'nyumba palibe chimene timagula mwachibwana ngati pilo. Poto timayamba tamugogoda kuti timve kulira kwake. Nsapato timayesa phazi ili ndi ili. Wailesi timati, "Tayatsani kaye timve." Koma pilo timangoifinya kawiri, kufunsa mtengo, kunenerera pang'ono, basi yalowa m'jumbo. Chonsecho mphuno ya munthu imakhala pamenepo maola 7 kapena 8 usiku uliwonse, chaka ndi chaka. Kwa munthu wabwinobwino palibe mlandu. Koma ngati pakhomo panu pali wina amene fumbi limamuwenga, uja amadzuka n'kuyetsemula kakhumi asanapereke n'komwe moni, kapena mwana wa mphumu amene chifuwa chimalira usiku ngati kamwana ka mphaka, ndiye nkhani ya pilo si yamasewera ayi.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde pa Dedza boma pano, ndipo mwa zina ndimasoka mapilo ndi mapilokesi. Mzime wathu, mtsikana wa sitandade 4, ali ndi mphumu. Ndiye zimene ndikambe pano ndaziona mbali ziwiri: ngati wogulitsa wofuna phindu, komanso ngati bambo amene wakhalapo tsonga pakati pa usiku kumvetsera kapumidwe ka mwana wake. Anzanga a geni mundimvetse, sindikufuna kuonongera munthu msika. Ndikungofuna kuti kandalama kanu kovutikira kapite pamene pali thandizo.

Tiyambe ndi pepala. Masiku ano mapilo ambiri akubwera atakulungidwa m'pulasitiki yolembedwa Chingerezi chonona: anti-allergy, hypoallergenic, kaya chiyaninso. Pambali pali chithunzi cha mzungu akugona uku akumwetulira. Achemwali anga a ku Bembeke, amene amagulitsa kachewere pamsewu, atamva kuti mwana wabanikanso anakwera minibasi mpaka ku Lilongwe kukamugulira pilo yoteroyo. Wogulitsa anawauza kuti, "Mayi, iyi ndi ya achipatala, mwana akangoigonera chifuwa chitheratu." Anasiya pamenepo phindu la matumba angapo a mbatata. Pofika nayo anati, "Achimwene, nayi, mwanayu apumeko." Ndinalandira ndi manja awiri, mphatso ya chikondi sabweza. Koma telala ndi telala basi. Madzulo omwewo ndinamasula msoko pang'ono kuti ndione. M'kati munali faiba wamba, yemweyu timagula ife, ndipo nsalu yakunja inali yopyapyala yoti ukaikweza padzuwa umaona munthu akudutsa kuseri kwake. Chibwerereni matipate mu 1994 tonse tinaphunzira kuti pepala silikana inki. Lonjezo la pa pulasitiki ya pilo lili ngati la pa kampeni, wolembayo sadzabwera kunyumba kwanu usiku mwana akamabanika.

Kuti tidziwe chogula tiyambe tamudziwa mdani. Tikamati "fumbi likumuwenga" ambiri timaganiza za fumbi la m'mbali mwa msewu wa M1 malole akamadutsa. Limenelo limatsokomoletsa inde, koma lowenga kwambiri lili m'nyumba momwemo. Mu 1964 akatswiri a ku Leiden m'dziko la Netherlands, a Voorhorst ndi a Spieksma, anapeza kuti m'fumbi la m'nyumba mumakhala tizilombo ta miyendo 8, tachibale ndi nkhupakupa ndi akangaude. Azungu amati dust mite, ine pano ndizingoti tinthata. Titatu kundandalika pamzere ndiye titalike milimita imodzi, choncho ndi maso simungatione. Sitiluma, sitiyamwa magazi, musatisokoneze ndi nsikidzi kapena utitiri. Chakudya chake ndi timakoko ta khungu lakufa timene timayoyoka m'thupi mwathu tsiku lililonse. Madzi sitimwa, timangoyamwa chinyontho cha mumpweya. Nde taganizani za pilo: malo ofunda, chakudya chikugwa chokha kuchokera kumwamba, thukuta ndi mpweya wa munthu zikubweretsa chinyontho usiku wonse. Kwa kanthata imeneyo ndi resitihausi yaulere, chakudya chomwe.

Pepani amene mukuwerenga muli pa chiwaya, koma chonyansa chenicheni ndi ichi. Mu 1981 ofufuza a ku England anasonyeza kuti chimene chimawenga anthu kwambiri ndi chimbudzi cha tinthatato. Kamodzi kamachita timibulu pafupifupi 20 patsiku, ndipo timibuluto timatsala m'pilo ngakhale mwini wake atafa kalekale. Munthu akatembenuka kapena kugwetsa mutu pa pilo, timauluka n'kulowa m'mphuno ndi m'chifuwa. Kwa amene thupi lake limadana nato, njira za mpweya zimatupa, zimadzaza mamina, zimafinyika. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mwana amasewera bwinobwino masana onse koma kukangoda chifuwa n'kuyamba kuimba.

Tsono ife a ku Dedza tili ndi kunyada kwathu. Timati kuno n'kumwamba, tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600, phiri lathu likupitirira 2,000, kuzizira kumeneku kachilombo kangakhale? Kachoonadi kalipo pang'ono. Ku Switzerland kuli tauni yotchedwa Davos, yokwera pafupifupi chimodzimodzi ndi Dedza, kumene odwala chifuwa a ku Ulaya akhala akupita kukapezako bwino kwa zaka zambiri, ndipo ofufuza anapeza kuti tinthata kumeneko n'tochepa zedi. Koma chotipha si kutalika kwa phiri ayi. Ndi kuuma kwa mpweya wa m'nyumba. Kunja chisanu choumitsa madzi, m'nyumba atenthetsa usana ndi usiku, mpweya kuuma gwa. Chinyontho cha mumpweya chikakhala pansi pa 50 peresenti kwa nthawi yaitali tinthata timafota n'kufa.

Nanga kwathu kuno? Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi mvula, zipupa kuchita kutuluka thukuta. Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'phiri, bulangeti kuliyanika m'mawa, madzulo likadali zii ngati lanyowa kumene. Mawindo tatseka ndi nsanza kuopa mphepo, anthu asanu chipinda chimodzi, aliyense akupuma nthunzi. Ku Dedza nkhungu tili nazo ziwiri, ya kuphiri ndi ija imamera kuseri kwa kabati ndi m'kati mwa pilo. Yachiwiriyi nayonso imawenga. Ku yunivesite ya Manchester mu 2005 anayeza mapilo 10 amene anthu ankagonera m'makomo mwawo, ndipo iliyonse anaipeza ndi mitundu ya chuku yosachepera 4, ina mpaka 16. Ngati zili choncho kwa anthu a makina ochapira, kuli bwanji pilo ija munalandira pa ukwati wanu, pano mwana woyamba akulemba fomu 4?

Apa ndi pamene nkhani imandikomera ine wa singano. Kwa zaka zambiri langizo linali lakuti wa mphumu athawe pilo ya nthenga, agule ya faiba. Ngakhale madokotala ankatero. Ndiye mu 1996 ofufuza a ku Wellington, ku New Zealand, anayeza mapilo a mitundu iwiriyi ochokera m'nyumba za anthu. Zimene anapeza zinawazunguza mutu: a faiba ndi amene anali ndi zowenga za tinthata zambiri, kuchulukitsa kangapo kuposa a nthenga. Chifukwa chake telala aliyense akanatha kuwauza. Pilo ya nthenga ya kufakitale amaisokera m'nsalu yolukidwa mothinana kwambiri, apo ayi nthenga zingamaboole n'kumabaya munthu kumaso. Nsalu imene ikukaniza nthenga kutuluka ikukanizanso kanthata kulowa. Koma faiba sabaya, ndiye wopanga amangoika kansalu kotchipa kotakasuka ngati sefa ya ufa. Khomo pululu, aliyense alowe.

Mfundo yanga yonse yagona pamenepo. Mlandu suweruzidwa ndi cham'kati chokha. Funsani zinthu ziwiri: nsalu yokutayo ndi yothinana bwanji, nanga piloyo ingatsegulidwe, kuchapidwa ndi kuuma msanga?

Koma musathamangire kukathothola nkhuku. Nthenga za kufakitale amazichapa ndi kuzitenthetsa ndi nthunzi asanaziike m'pilo. Zija agogo amasunga m'thumba la feteleza, za nkhuku ya pa Khirisimasi ndi abakha a pamaliro, zimabwera ndi mafuta ake, fungo lake, utitiri ndi chuku. Alipo enanso amene nthenga zenizenizo zimawawenga. Zimenezo kwa mwana wa mphumu ayi ndithu.

Tiyeni tsopano tiyende mumsika tione zimene zilipo, chifukwa pilo ya nthenga ya kufakitale ambirife timangoimva.

Yoipitsitsa pa onse, kwa ine, ndi ya siponji yodulidwadulidwa. Kawirikawiri imeneyi ndi matiresi yakale imene yatopa ndi kugonedwa, wina waiduladula n'kuivindikira ndi chitenje chokongola. Mukugula tinthata ta mwini matiresi pamodzi ndi ana ake ndi zidzukulu. Kuichapa imamwa madzi ngati chidakwa, kuuma kwake ku Dedza kuno mpaka sabata, ndipo ikamauma m'kati chuku chamera kale. Ikakalamba imafumbutuka n'kusanduka fumbi yokha. Siponji yathunthu yatsopano ndi bolako, koma nayonso sichapika bwino, ndiye imafunika chokutira chabwino kuyambira tsiku loyamba. Ya thonje imagoneka bwino, koma thonje limasunga chinyontho ndipo ukalichapa limaundana mibulumibulu ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika.

Anzanga a kaunjika mundikhululukire. Pilo ya m'belo musamugulire mwana wa mphumu, ngakhale ioneke yoyera bwanji. Mutu wa munthu wosamudziwa wagonapo zaka zosadziwika, kenako yayenda miyezi pa nyanja itathinikizidwa pamodzi ndi majekete. Koma musakwiye msanga, chifukwa pa benchi panu pomwepo ndi pamene pali chinthu chabwino kwambiri pa nkhani yonseyi. Mabedishiti a kotoni a kaunjika, aja olimba olira khwakhwa ukawagwira, ambiri ndi olukidwa mothinana kuposa nsalu iliyonse imene ndingagule pa mita m'sitolo za kuno. Shiti imachapika ndi madzi otentha, imasitika, ndipo imodzi imatulutsa zokutira mapilo zingapo. Ine ndimadzuka m'mamawa tsiku lotsegula belo kukasankha zimenezo.

Kuyeza nsalu sikulira sukulu. Ikwezeni padzuwa: ngati mukuona timabowo towala ngati nyenyezi, isiyeni. Igunditseni pakamwa muuzire, dzanja lili kuseri: ngati mphepo ikudutsa mosavuta, isiyeni. Njira yachitatu ndi ya akunyumba kwathu. Amathira supuni ya ufa woyera pansalu, kumanga kathumba, n'kukamenya pa mbale yakuda. Ufa ukatuluka ndiye kuti nsaluyo ndi sefa, chifukwa timibulu ta kanthata n'tochepa kuposa ufa. Ndinene mosabisa kuti ngakhale ufa usatuluke, nsalu yathuyi siingafanane ndi zokutira zenizeni za achipatala, zimene mabowo ake ndi ochepera ma micron 10, ndiye kuti milimita imodzi kuigawa ka 100. Amene muli ndi m'bale ku Johannesburg mutumeni zimenezo, zimagulitsidwa. Koma pakati pa sefa ndi nsalu yothinana kusiyana kulipo, ndipo n'kumene thumba lathu lingafike.

Tsono mudabwa ndi pilo imene mwana wanga amagonera. Ndi ya mapisi, inde yomweyi anthu amainyoza kuti ndi ya amphawi. Koma mapisi ake si osesa pansi pa makina pamodzi ndi fumbi ndi makoko a mtedza ayi. Ndi zidutswa za nsalu yatsopano, zochapidwa ndi madzi otentha zisanalowe. Thumba lam'kati ndi la shiti yothinana ija, msoko wobwereza kawiri, masitichi ang'onoang'ono, kumapeto zipi yokhala ndi kansalu kovindikira mano ake. Pamwamba pake pilokesi wamba. Ubwino wake ndi wakuti tsiku lochapa timatsegula zipi, kukhuthula mapisi onse m'beseni, kuwachapa, kuwamwaza pa mkeka padzuwa, pofika madzulo auma onse. Faiba watsopano nayenso angachite chimodzimodzi ngati pilo ili ndi zipi. Ndipo faiba wa m'pilo ya achemwali uja sanatayidwe, ndinamusokera thumba lina, panopa amagonera mkulu wake wa mwanayu amene fumbi silimuwenga. Achemwali nditawafotokozera anangoti, "Nde ndalama yonse ija ndinagula pepala eti?" Ndinati, "Pepala ndi chithunzi cha mzungu, achemwali."

Pilo yoti singatsegulidwe ili ngati thumba la nyemba lomwe wogulitsa akukana kuti mupisemo dzanja. Inu a geni mukudziwa tanthauzo lake.

Za kachapidwe. Ku Sydney, m'dziko la Australia, mu 1992 anayesa kuchapa zofunda ndi madzi otentha mosiyanasiyana. Anapeza kuti madzi a madigiri 55 kapena kuposa amapha tinthata tonse. Madzi ozizira amachotsa zowenga zoposa 90 peresenti, koma tinthata tambiri timatsala tamoyo n'kuyambiranso ntchito. Choncho ngakhale makala atadula, kuchapa ndi madzi ozizira si kutaya nthawi, koma otentha ndiye amathetsa mlandu. Nanga madigiri 55 tiwadziwa bwanji opanda choyezera? Kuno ku Dedza, chifukwa cha kukwera, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 osati 100, n'chifukwa chake nyemba zathu zimachedwa kupsa. Mukasakaniza theka owira theka ozizira, pofika m'beseni lozizira la m'mawa atsika kale. Ife timathira ndowa ziwiri za owira, imodzi ya ozizira, kuviika, kuvindikira ndi beseni lina, kudikira mpaka dzanja lithe kulowamo, kenako n'kuchapa. Ana akhale kutali ndi beseni limenelo, tisachize chifuwa n'kubweretsa zilonda za moto. Pilokesi ndi shiti timachapa sabata iliyonse, zam'kati kamodzi pa mwezi kapena miyezi iwiri. Kusita ndi simbi ya makala kumathandizanso, ndipo kumeneko tinazolowera kale poopa mphutsi.

Dzuwa ndi laulere. Ku Sydney komweko mu 1994 anayanika makapeti padzuwa lamphamvu kwa maola angapo, tinthata tonse tinafa. Agogo athu poyanika mphasa ndi zikopa pathanthwe ankadziwa chimene akuchita. Koma dzuwa limangopha, silichotsa timibulu tija, ndiye mukayanika mukunthe, mwana ali kutali, mphepo ikupita kwina. M'miyezi ya chisanu yanikani dzuwa likakwera, ndipo anulani cha m'ma 3 koloko nkhungu isanatsike, apo ayi mwangoiviikanso. Amayi ogulitsa mafizesi muli ndi mwayi wina: kapilo kakang'ono kapena chidole cha mwana, kukulunga m'jumbo n'kuika m'firiji youmitsa tsiku lathunthu, magetsi akalola, tinthata timafa. Mukatulutsa muchape.

Zosayenera kuchita n'zochepa koma n'zoopsa. Musapopere pilo mankhwala a udzudzu kapena a nsikidzi, mwanayo aziwapuma usiku wonse. Perefyumu ndi sopo wonunkhira kwambiri nazonso zimautsa chifuwa. Musakute pilo ndi jumbo, imachita thukuta ndipo ingatseke mwana kumaso. Khanda losakwana chaka lisagonere pilo ya mtundu uliwonse, ngakhale yodula bwanji, chifukwa likhoza kubanika nayo. Ligone chagada pamalo osawofoka.

Pali nkhani ina imene ikutikhudza ife a malonda makamaka, ndipo ndikudziwa kuti ena ikuwawani. Katundu wathu timagona naye. Poopa akuba, belo la kaunjika lili kumutu kwa bedi, matumba a chimanga othira mankhwala a nankafumbwe ali kumiyendo, dengu la usipa pansi pa bedi, mbatata pakona. M'matumba a chimanga ndi nyemba mumakhala tinthata ta mtundu wina timene timawenganso. Usipa umaitana mphemvu, ndipo mphemvu nazo zimawenga anthu ambiri a mphumu. Kenako Juni akafika tikulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko. Utsi wa makala umautsa mphumu, ndipo mpweya wake wosanunkha uja wapha anthu ali m'tulo. Mungagule pilo ya golide, m'chipinda chotere mwana apumabe movutika. Ndikudziwa kuti nyumba za lendi n'zazing'ono ndipo akuba sagona. Kwathu tinachita chosinthana: ine ndi mayi ake tinalowa kugona ndi nsalu za makasitomala, mwana tinamupatsa kachipinda kopanda katundu. Mphaka naye anauzidwa kuti ntchito yake ndi kunkhokwe. Akuluakulu amati mphumu imabwera ukameza ubweya wa mphaka. Kumeza ayi, koma kuti mphaka amawenga ena, zimenezo n'zoona.

Musaiwale matiresi ndi bulangeti. Pilo yatsopano pa matiresi yakale, pakangopita miyezi yochepa alendo asamukiramo. Apa ogona pa mphasa kapena mkeka apambana mabwana, chifukwa mphasa imatuluka padzuwa tsiku lililonse popanda kuitana aganyu.

Tsopano chimene wogulitsa wa ku Lilongwe uja sanawauze achemwali. Pilo si mankhwala a mphumu. Mu 2003 ku Britain anayesa zokutira zenizeni zija pa akuluakulu a mphumu oposa 1,000, ena kuwapatsa zenizeni ena zongofanizira, ndipo patatha chaka panalibe kusiyana. Koma mu 2017 ku Manchester anayesa pa ana 284 amene anali atapimidwa kuti tinthata timawawengadi. Mwa amene anagonera zokutira zenizeni, 29 pa 100 alionse anathamangira nawobe kuchipatala atabanika m'chaka chimenecho, pamene mwa enawo anali pafupifupi 42. Mwaona? Zimathandiza ana ena, ndipo thandizo lake si laling'ono kwa kholo limene lakwerapo kabaza usiku mwana ali pamsana. Koma 29 aja anabanikabe. Komanso si mphumu iliyonse imene imautsidwa ndi tinthata. Ina ndi utsi, ina mphepo yozizira, ina chimfine, ina mungu wa udzu ndi mitengo. Kuti mudziwe ya mwana wanu, lembani kumapeto kwa kope lija mumalembamo angongole: tsiku limene wabanika, anagona kuti, kunja kunali bwanji. Ngati amapeza bwino akapita kukagona kwa azakhali n'kuyambiranso akabwerera pa bedi lake, mwayamba kumuona wolakwa. Kope limenelo mukawaonetse adokotala.

Wathuyu kuyetsemula kwa m'mawa kunachepa kwambiri, maso anasiya kuyabwa. Koma Juni akafika inhela yake imakhala m'thumba la yunifolomu, ndipo ndinachita kusokera kathumba kake kapadera. Ndikunena izi chifukwa mumsika muno muli mphekesera yakuti mwana akayamba inhela ndiye kuti sadzasiyanso, ena amati imafooketsa mtima, ena amati ndi ya odwala otsala pang'ono kufa. Bodza limeneli lazunza ana ambiri. Inhela imatumiza mankhwala ochepa molunjika m'mapapo, kusiyana ndi mapiritsi amene amayenda thupi lonse mpaka manja kunjenjemera. Zilipo za mitundu iwiri, yotsegula chifuwa pamene wabanika ndi yoteteza kuti njira za mpweya zisamatupe. Mwana amene akubanika pafupipafupi, kafunseni kuchipatala za yotetezayo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ngati lathu lino. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2024, wochitika m'sukulu za m'mizinda 6 ya mu Africa kuphatikizapo Blantyre, anapeza kuti ana ambiri okhala ndi zizindikiro zoopsa za mphumu anali asanauzidwepo ndi dokotala kuti ndi mphumu. Makolo amangoti ndi chifuwa cha chisanu, n'kumagula uchi ndi mandimu.

Mwana akamalephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, nthiti zikulowa m'kati akamapuma, milomo yasintha mtundu, imeneyo si nthawi yotembenuza pilo. Nyamulani, thamangani kuchipatala, ngakhale ndi pakati pa usiku. Ndipo wamkulu kapena mwana amene watsokomola masabata awiri, akutuluka thukuta usiku, thupi likutha, akapimitse chifuwa chachikulu. Kuchipatala cha boma kupima kwake n'kwaulere.

Kwa anzanga osoka ndi ogulitsa mapilo, pano pali geni imene tikuilekerera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anthu sakugula chinthu kawiri, akufuna chokhalitsa. Zipi imodzi ndi shiti ya kaunjika sizikweza mtengo kwambiri, koma pilo yotsegula imagulika kwa mayi aliyense amene ali ndi mwana wa chifuwa, ndipo amayi amenewa amauzana kumpopi ndi kusikelo. Musalembepo Chingerezi chimene simungachiikire umboni. Wogula akafunsa kuti muli chiyani m'katimu, mutsegulireni aone, mumuuzenso kachapidwe kake. Amene amabwera pakhonde panga ndi shiti yawo ndimawalipiritsa msoko ndi zipi basi.

Amene mwaganiza zosintha mapilo pakhomo, nthawi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tulutsani matiresi, mabulangeti ndi mikeka tsiku limodzi, chapani zochapika, kolopani chipinda ndi nsanza yonyowa osati kusesa kouma, kenako pilo yatsopano ilowe m'chipinda choyera mvula yoyamba isanagwe. Yakaleyo musaipereke kwa mwana wa aneba musanafunse ngati naye satsokomola usiku.